Galu wa m'Komboni Ali ndi Mwini Wake

Chigwa cha Honde chili m'boma la Mutasa, kum'mawa kwa Zimbabwe, kumene dziko limatsetsereka kuchokera ku mapiri a Nyanga mpaka ku malire a Mozambique. Ndi dera lotentha, la mvula yambiri, lobereka nthochi, khofi ndi tiyi, ndipo mtsinje wa Pungwe umadutsa momwemo. Kum'mwera kwake, m'chigawo chomwecho cha Manicaland, kuli Chipinge, kumene tiyi anayamba kulimidwa m'ma 1920 pa munda wa New Year's Gift, chiyambi cha kampani ya Tanganda. M'chigwa cha Honde minda ikuluikulu ya tiyi, monga Aberfoyle, inatsegulidwa m'ma 1950. Minda yotere imafuna antchito ochuluka, ndipo ambiri anachokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, pa nthawi imene amuna ankapita ku Southern Rhodesia pa magalimoto a Ulere, kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kapena wapansi. Zidzukulu zawo zilipobe m'makomboni a m'maesiteti ndi m'madera ozungulira monga Mandeya, ndipo Chichewa chimamvekabe pakati pa Chimanyika ndi Chindau. Paliponse pamene anthuwa anakoleza moto, galu anabwera kudzagona pafupi.

Ena mwa agalu amenewa ndi onenepa bwino, koma ena nthiti zawo zimawerengeka munthu ali chapatali, khungu lili mbuu ndi mphere, makutu atatha ndi ntchentche. Anthu akaona galu wotere amagawanika pawiri. Achifundo amati atengedwe apite kumalo osungirako agalu osowa pokhala, ngati aja a SPCA m'matauni. Otopa naye amati angowomberedwa zithe. Ngakhale maganizo awiriwa akuoneka otsutsana, onse amayambira pa cholakwika chimodzi, choganiza kuti galuyo alibe mwini. Nkhani ino ikunena kuti kumalo ngati Mandeya ndi m'makomboni a ku Chipinge, galu wovutika nthawi zambiri amakhala ndi khomo lake, choncho chisamaliro chenicheni chiyenera kumupeza pakhomopo. Malo osungira agalu ndi ofunika, ndipo ayenera kuyendetsedwa mwachifundo, koma ntchito yake ndi ya chipatala cholandira ochepa amene avutikitsitsa. Ntchito yaikulu ili kunja kwa mpanda wake.

Umboni wa mfundoyi unachokera m'midzi ya ku Zimbabwe komweko. Akatswiri awiri, James Butler ndi John Bingham, anafufuza za agalu a m'madera a kumidzi m'ma 1990 ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2000. Iwo anayerekeza kuti mu 1994 m'madera amenewa munali agalu pafupifupi 1.36 miliyoni. Chofunika kwambiri n'chakuti sanapeze gulu la agalu olusa okhala okha m'tchire. Agalu onse anali ndi eni ake, kungoti ankayendayenda mosamangidwa, chakudya china akulandira pakhomo, china akudzifunira kudzala. Anapezanso kuti ana agalu oposa 70 mwa 100 alionse ankafa asanathe chaka, komabe chiwerengero cha agalu chinkakwera ndi oposa 6 pa 100 alionse chaka chilichonse. Manambalawa ndi akale, koma chithunzi chake n'chodziwika kwa aliyense amene anakulira kumudzi: agalu amabadwa ambiri, amafa ambiri, ndipo otsalawo amakhala aang'ono msinkhu. Galu amene mlendo angamutche wosochera, mwana wa m'komboni angakuuzeni dzina lake ndi khomo limene amagona.

Ngati galu ali ndi mwini, n'chifukwa chiyani amafika poonda chotero? Nkhanza zilipo, koma si zimene zimachuluka. Galu wa m'komboni amadya zimene zatsala m'mbale, mkute wa dzulo, phala la madeya, mafupa a apo ndi apo, ndiye pakhomo pakalowa njala iye ndiye amayamba kuimva. Ntchito yothyola tiyi imachuluka m'dzinja masamba akamaphuka, ndipo imachepa m'miyezi yozizira ndi youma, motero antchito ambiri ndi a nyengo chabe. Nyumba ya pa esiteti imayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha banja limanga katundu, ndipo m'basi kapena pa lole mulibe malo a galu. Mbiri ya dzikoli yaonetsa zimenezi moonekeratu. Minda ya azungu itayamba kulandidwa mu 2000, eni minda ndi antchito awo ambiri anachoka mwadzidzidzi, ziweto n'kutsala zopanda wozipatsa madzi, ndipo Meryl Harrison, amene anali mkulu wa oyendera za ziweto ku bungwe la ZNSPCA, anatchuka chifukwa cholowa m'minda imeneyo ndi anzake kukapulumutsa nyama. Namondwe wa Idai atagumula nyumba ku Chimanimani ndi Chipinge mu March 2019, mabanja anabalalika pamodzi ndi ziweto zawo. Kuvutika kwa galu kumatsatira kuvutika kwa banja, ndipo amene akufuna kuthandiza galu popanda kuyang'ana banjalo sangapite patali.

Malo osungira agalu ndi chisamaliro choyenera

Maganizo omanga nyumba ya agalu osowa pokhala anabadwira m'mizinda ya ku Ulaya. Bungwe limene pano limatchedwa RSPCA linakhazikitsidwa ku London mu 1824, ndipo mu 1860 mayi wina dzina lake Mary Tealby anatsegula malo olandira agalu otayika ndi anjala, amene pambuyo pake anasamukira ku Battersea. Ku Zimbabwe kuli lamulo loletsa kuchitira nkhanza nyama, la Prevention of Cruelty to Animals Act, limene limaona kumana chiweto chakudya, kuchimenya mwankhanza kapena kuchisiya osachisamala ngati mlandu. Mabungwe a SPCA ali m'matauni monga Harare, Bulawayo, Gweru ndi Mutare, ndipo amadalira kwambiri zopereka za anthu akufuna kwabwino. Kwa munthu wa ku Honde kapena Chipinge, tauni yaikulu ya m'chigawo chake ndi Mutare. Kuchokera ku Hauna, pamsika waukulu wa m'chigwa cha Honde, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wokhotakhota wa m'mapiri, ndipo kuchokera ku Chipinge ndi oposa 150. Wothyola tiyi amene malipiro ake amathera pa ufa ndi fizi ya ana sangalipire ulendo wotere chifukwa cha galu, ngakhale atamukonda chotani.

Komabe alipo agalu amene popanda malo oterowa angafe imfa yowawa, ndipo m'pofunika kudziwa chimene chisamaliro chabwino chimatanthauza galu wotere akafika. Taganizirani galu amene wakhala pa waya miyezi yambiri mpaka wayayo analowa m'khosi, chilonda chili ndi mphutsi, m'makutu muli nkhupakupa zothithikana, nkhama zayera chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Wogwira ntchito wodziwa samukoka ndi chingwe kapena kumuopseza. Amakhala pansi chammbali, osamuyang'ana m'maso, mpaka galuyo ataleka kunjenjemera. Amayamba ndi madzi. Chakudya amamupatsa pang'onopang'ono kangapo patsiku, chifukwa thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi njala likhoza kugwa likalandira chakudya chambiri kamodzi. Waya amaudula galuyo atabayidwa jekeseni yogonetsa, chilonda n'kutsukidwa. Kenako amamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba, a nkhupakupa ndi a mphere, ndipo amamuika m'khola la yekha kwa masiku angapo, kuti ngati wabwera ndi matenda asapatsire anzake. Mphere imatha milungu ingapo kuti ipole, koma mantha amatenga nthawi yoposa pamenepo, ndipo galu amene sanasiye kuopa dzanja la munthu sangaperekedwe kwa banja la ana aang'ono.

Muyezo umene akatswiri a ziweto amagwiritsa ntchito unachokera ku lipoti la Brambell la ku Britain la mu 1965, limene pambuyo pake linasanduka mfundo zisanu: chiweto chisamve njala ndi ludzu, chikhale ndi pogona pabwino, chitetezedwe ku ululu ndi matenda, chikhale ndi mpata wochita zimene mtundu wake umachita, ndipo chisakhale mwamantha. Mfundo zimenezi zimaulula vuto lalikulu la malo osungira agalu, lomwe ndi kudzaza. Khola lomangidwira agalu awiri likalandira asanu ndi mmodzi, amphamvu amalanda chakudya cha ofooka, ndewu sizitha, ndipo matenda opatsirana monga parvo, amene amatsegula m'mimba mwa magazi, ndi distemper amatha kupululutsa ana agalu onse m'masabata ochepa. Galu ndi nyama yofuna kuyenda, kununkhiza ndi kukhala pafupi ndi anthu, ndiye akatsekeredwa pa simenti miyezi yambiri amayamba kuzungulira malo amodzi ndi kudziluma. Malo amene alandira agalu oposa amene angawadyetse ndi kuwachiza amakhala akupitiriza nkhanza zomwe anafuna kuthetsa, ngakhale oyendetsa ake ali ndi mtima wabwino.

Apa ndi pamene masamu amatsutsa maganizo akuti kumanga makola ambiri ndiye yankho. Galu wamkazi amayamba kubereka asanathe chaka, bere lake limatha miyezi iwiri yokha, ndipo amaswa ana asanu, asanu ndi mmodzi kapena kuposa. M'dziko la agalu oposa miliyoni, malo olandira agalu 100 kapena 200 amadzaza lero, mawa pageti pali ena. Kuchotsa agalu m'mudzi n'kusiya chimene chimawabala kuli ngati kukapa madzi m'bwato osatseka pobowoka. Ndiponso galu wa m'komboni akatengedwa, banja limene amalondera nkhuku zake ndi kuthamangitsa anyani m'munda wa nthochi limangopeza kagalu kena, kosabayitsa, ndipo nkhani imayambiranso poyamba.

Kodi anthu akuvutika, tizidandaula za agalu?

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo wolifunsa asayesedwe wouma mtima. Kumene ana amapita kusukulu osadya, kumene ena mwa ana ndi zidzukulu za obwera kuchokera ku Malawi akhala zaka zambiri akuvutika kupeza zitupa za unzika, kulankhula za ufulu wa galu kungamveke ngati chipongwe. Yankho lake ndi chiwewe. Bungwe la WHO limayerekeza kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse, mpaka 99 mwa 100, amawatenga kwa galu. Mwa anthu olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, pafupifupi 40 mwa 100 ndi ana osafika zaka 15, chifukwa ndiwo amasewera ndi agalu, ndiwo afupi moti amalumidwa kumaso ndi kumutu, ndiponso ndiwo amabisa bala poopa kukalipidwa. Kachilombo ka chiwewe kamayenda m'mitsempha kulowera ku ubongo, nthawi zambiri kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zizindikiro zikangooneka, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibe mankhwala amene angapulumutse munthuyo. Galu wosasamalidwa ndi wosabayitsa ndiye njira imene imfa imeneyi imalowera m'nyumba za anthu osauka.

Ku Zimbabwe chiwewe chinabweranso mu 1950 patapita zaka zambiri chisakuoneka, ndipo chakhalapo kuyambira pamenepo, m'midzi chikufalitsidwa ndi agalu, m'madera a minda ikuluikulu chikugwiranso nkhandwe. Madera a m'malire monga Mandeya ali ndi vuto loonjezera, poti anthu amadutsa kupita ku Mozambique ndi kubwerako tsiku ndi tsiku, agalu akuwatsata, ndipo kachilombo sikaima pa chipata. Munthu akalumidwa, chofunika choyamba ndi kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jekeseni, zimene zimabayidwa kangapo pa masiku osiyana. Kwa banja la m'komboni zimenezi zimatanthauza ndalama zoyendera maulendo angapo, masiku ojomba kuntchito, ndiponso nthawi zina kugula katemerayo. Katemera wa galu mmodzi ndi wotchipa kutalitali poyerekeza ndi chithandizo cha munthu mmodzi wolumidwa. Choncho ndalama yogwiritsidwa ntchito pa galu sinalandidwe kwa mwana, chifukwa mwanayo ndiye woyamba kupindula nayo.

Wina anganene kuti ngati vuto ndi chiwewe, mfuti ndi yachidule. Makhonsolo a mizinda ina, monga Bulawayo, amalengeza nthawi imene agalu onse ayenera kumangidwa, ndipo wopezeka akuyendayenda amawomberedwa. M'midzi ena amangothira poizoni wa tameki m'nsima n'kutaya panjira. N'zoona kuti mliri woyamba wa chiwewe m'dzikoli, umene unayamba mu 1902, unazilala pofika 1913 boma la atsamunda litapha agalu ambiri ndi kukhwimitsa malamulo, koma nthawi imeneyo anthu ndi agalu anali ochepa, ndipo zinachitika mokakamiza anthu amene analibe ponena. Masiku ano umboni ukuloza kwina. Pa chilumba cha Flores ku Indonesia, chiwewe chitabuka chakumapeto kwa m'ma 1990, agalu mazana a zikwi anaphedwa koma matendawa sanathe. Zifukwa zake n'zomveka. Mfuti imapeza galu wozolowera anthu, amene mwina ndi wobayitsa kale, pamene wamantha amathawa. Eni agalu akamva kuti kukubwera owombera amabisa agalu awo kapena kuwatumiza kwa achibale kumudzi wina, ndipo matenda amapita nawo. Chakudya cha kudzala chikatsalira ochepa, ana agalu ambiri amapulumuka, n'kudzaza malo a ophedwawo. Poizoni ndiye woipitsitsa: amapha mwaululu, sasankha, amatha nkhuku, amphaka ndi mbalame, ndipo mwana wokwawa akhoza kutola nsimayo. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse, WOAH, limakana kupha agalu ndi poizoni monga strychnine.

Chimene chaoneka kuti chimagwira ntchito ndi katemera. Akatswiri amagwirizana kuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa kolowera mpaka kamatha. Mayiko a ku Latin America anayamba ntchito yobaya agalu mogwirizana mu 1983, ndipo imfa za anthu zochokera ku chiwewe cha agalu zinatsika ndi zoposa 95 pa 100 zilizonse. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti Mexico yathetsa vutoli. Chitsanzo chapafupi chili kwathu ku Malawi. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mu 2015, n'kupitirira muyezo wa 70 uja. Ntchitoyi inabwerezedwa zaka zotsatira, ndipo ana ofika pa chipatalacho ndi chiwewe anachepa kwambiri. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008, limatenga madokotala ake kupita nawo m'madera kukabaya ndi kuchiza ziweto za anthu amene sangakwanitse kulipira. Agalu ambiri amene anathandizidwa m'ntchito zimenezi sanagone ngakhale usiku umodzi m'khola la bungwe. Anabwera ndi eni ake, n'kubwerera nawo.

Tsiku la katemera likaonetsetsedwa limaphunzitsa zambiri. Uthenga umalengezedwa kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo m'mawa wake pabwalo pamakhala mzere wa anyamata ndi atsikana, wina wagwira galu ndi luzi, wina ndi lamba wa njinga, wina wanyamula tiana tagalu m'dengu. Mwiniwake amagwira mutu ndi kukumbatira chifuwa, wobaya amatsina khungu n'kulasa, ndipo zonse zimatha galuyo asanadziwe chimene chachitika. Amamupaka utoto pamutu kuti owerengera adziwe amene abayidwa, mwini n'kulandira kakhadi. Pomwepo mlangizi amaona galu wa bala, wa mphere kapena womangidwa ndi waya, ndipo amalankhula ndi mwini wake popanda kumuchititsa manyazi. Ntchito imeneyi ikhoza kuyenda bwino m'maesiteti kuposa m'midzi yotalikirana, popeza nyumba za m'komboni zili pamodzi, sukulu ndi kachipatala zili pafupi, ndipo akapitawo amadziwa khomo lililonse. M'midzi yozungulira muli madibi kumene alangizi a ziweto amakumana kale ndi alimi. Chofunika n'kubwereza chaka chilichonse mosadumphitsa, chifukwa monga kafukufuku uja anaonetsera, agalu ambiri amene alipo chaka chino sadzakhalapo pakapita zaka ziwiri, ndipo olowa m'malo mwawo amabadwa opanda chitetezo.

Kufula, mwambo ndi imfa yachifundo

Ena amakana ponena kuti kulera galu ngati mwana ndi khalidwe la azungu. Mawu amenewa ali ndi pochokera. Anthu amene makolo awo ankaona galu wa bwana akudya nyama pamene iwo akulandira phoso la ufa ndi nyemba ali ndi chifukwa chokayikira akamva za chifundo pa agalu. Koma kusamala galu sikunabwere pa sitima. Makolo athu ankapita naye kuuzimba, ankamupatsa gawo lake nyama ikaphedwa, ankamutcha dzina, ndipo anamuyang'anitsitsa mpaka anaphunzirapo kuti galu wamkota sakandira pachabe. Palibe amene akupempha banja la ku Mandeya kugula chakudya cha m'sitolo kapena kugoneka galu pa mphasa. Zofunikazo n'zimene mlimi aliyense wabwino amachitira mbuzi zake: madzi oyera osatha, chakudya kamodzi patsiku ngakhale chikhale phala la madeya losakaniza ndi mitu ya usipa kapena matemba, mthunzi ndi pobisala mvula, katemera, ndiponso lamba wansalu kapena wachikopa m'malo mwa waya. Galu wodya kwawo sapita kukaba mazira kwa anansi, ndipo milandu yambiri ya kwa mfumu imathera pamenepo.

Nkhani ya kufula imafunanso kufotokozedwa bwino, chifukwa ambiri amaopa kuti galu wofulidwa amasanduka waulesi, osauwa akuba. Chimene chimachepa kwenikweni ndi kuyendayenda kofunafuna zazikazi ndi ndewu zimene zimabwera nako, ndipo galu amene sachoka pakhomo usiku ndiye mlonda wabwino. Alimi amafula kale ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, choncho nzeruyi si yachilendo. Chosiyana n'chakuti kwa galu ntchitoyi iyenera kugwiridwa ndi dokotala wa ziweto, galuyo atagonetsedwa, osati ndi lumo kapena mphira kuseri kwa nyumba. Kutseka galu wamkazi ndiko kumathandiza koposa. Amaleka kuyamwitsa chaka ndi chaka mpaka kutsala mafupa okhaokha, amakhala zaka zambiri, ndipo katemera amene analandira amakhala ndi phindu kwa nthawi yaitali. Banja nalo limapumula ku ntchito yomvetsa chisoni imene ambiri amaichita mobisa, yokataya tiana tagalu kumtsinje kapena m'munda wa tiyi. Opaleshoni imadula kuposa katemera ndipo singafikire agalu onse msanga, motero katemera ayenera kutsogola, kufula kuzitsatira monga mmene ndalama zalolera.

Chotsutsa chomaliza chimachokera kwa okonda agalu eniake, amene amati malo achifundo sayenera kupha galu ngakhale mmodzi. Mtima umenewu ndi wabwino, koma sungayendetse malo a ndalama zochepa. Galu amene waonetsa zizindikiro za chiwewe sangachire, ndipo kumusunga n'kuika ogwira ntchito pangozi. Galu wothyoka msana, kapena wodwala matenda osachizika amene akumulepheretsa kudya, akasungidwa wamoyo amangotalikitsidwa ululu. Zikatere chifundo ndi jekeseni ya dokotala imene imamugonetsa kaye asanafe, pamalo abata, osati kumuponya miyala kapena kumupachika. Chimene tiyenera kukana ndi kupha galu wathanzi chifukwa chongosowa malo, ndipo njira yokanira zimenezi ndi kuchepetsa obwera pageti. Galu amene waluma munthu koma akuoneka wabwinobwino asaphedwe mwaphuma. Amangidwe pamthunzi, azipatsidwa chakudya ndi madzi, n'kuyang'aniridwa masiku 10, pamene wolumidwayo wayamba kale kulandira chithandizo. Ngati anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma, adzadwala kapena kufa m'masiku amenewo, ndipo achipatala adzadziwa zochita.

Zonsezi zikutipatsa chithunzi cha malo osungira agalu amene angathandizedi ku Honde ndi ku Chipinge. Akhale aang'ono, a makola ochepa aukhondo, ena opatulira odwala, ndipo chuma chawo chachikulu chikhale galimoto kapena njinga yamoto, bokosi lozizira losungira katemera, ndi anthu odziwa kulankhula Chimanyika, Chindau ndi Chichewa. Galu wochira abwezedwe kwa mwini wake ngati mwiniyo anangosowa chithandizo, ndipo lamulo ligwire ntchito pa amene amazunza dala. Banja limene likusamuka lidziwe kumene linganene, kuti galu apezeredwe khomo lina asanasiyidwe pa nyumba yotseka. Makampani a tiyi, amene ali kale ndi zipatala ndi masukulu a antchito awo, angapereke tsiku limodzi pa chaka ndi galimoto, podziwa kuti wantchito wolumidwa ndi galu sathyola tiyi. Mafumu ndi akuluakulu a m'makomboni angaike lamulo lakuti galu aliyense akhale ndi khadi la katemera. Aphunzitsi angaphunzitse ana kusathamanga galu akawauwa, kusasokoneza galu amene akudya kapena kuyamwitsa, ndi kuulula msanga akalumidwa.

Mu 2018 mabungwe a WHO, FAO, WOAH ndi Global Alliance for Rabies Control anatulutsa dongosolo lofuna kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse, tsiku limene Louis Pasteur anamwalira, dziko limakumbutsana za nkhondoyi. Pasteur anapulumutsa mnyamata woyamba ndi katemera wake mu 1885, kutanthauza kuti njira yopewera imfa imeneyi yakhala ikudziwika kwa zaka zoposa 130. Chimene chatsala ndi kuifikitsa kumalo akutali ndi tauni, kwa anthu amene mawu awo samveka msanga ku maofesi. Choncho malo osungira agalu m'madera amenewa asayesedwe ndi kuchuluka kwa agalu amene atsekeredwa. Ayesedwe ndi mafunso atatu amene mfumu, mphunzitsi kapena namwino angathe kuyankha kumapeto kwa chaka: agalu angati a m'dera lino abayidwa, angati achira n'kubwerera pakhomo, ndipo ana angati alumidwa poyerekeza ndi chaka chatha.